Ulemerero wa Mafuta Otha Ntchito

Mafuta ophikira otha ntchito ndi mafuta a soya, mpendadzuwa, mtedza kapena kanjedza amene akazinga tchipisi, mandasi ndi nsomba kambirimbiri mpaka kuda bii. Anthu osadziwa ulemu amawatcha zinyalala. Komabe pa zonse zotuluka m'khitchini palibe chopirira ngati iwo, pakuti amakhala pamoto wa madigiri pafupifupi 180 tsiku ndi tsiku osadandaula, ndipo akachotsedwa m'chiwaya m'pamene ntchito yawo yeniyeni imayamba.

Ukoma wawo woyamba ndi kusaiwala. Mafutawa amasunga mbiri ya chilichonse chimene chinadutsamo, kotero kuti fungo la nsomba ya Lolemba limapezeka m'mandasi a Lachisanu popanda wogula kulipira china chowonjezera. Moto, mpweya ndi madzi a m'zakudya zimawaphwanya pang'onopang'ono, ndipo amayamba kunanda, kuchita thovu ndi kufuka msanga. Azaumoyo sayamikira kukhwima kumeneku. Mayiko angapo a ku Ulaya amalamula kuti mafuta asiye kukazinga zowonongeka za m'kati mwake zikafika pafupifupi 25 peresenti. Ku China anthu ena anawakonda mpaka kumawavuula m'ngalande n'kuwagulitsanso kwa ophika, ndipo m'chaka cha 2011 apolisi anamanga ambiri chifukwa cha chikondi chimenechi.

Ukoma wachiwiri ndi luso la zomangamanga. Akathiridwa m'sinki, mafutawa amazizira, n'kugwirana ndi tinsalu topukutira ndi matewera, kenako amauma gwa. M'chaka cha 2017 ogwira ntchito a kampani ya madzi ya Thames Water anapeza chimulu chotere pansi pa msewu wa ku Whitechapel mumzinda wa London. Chinali chotalika mamita 250, cholemera matani 130, ndipo chinamangidwa popanda pulani, simenti kapena chilolezo cha khonsolo. Anthu anachigumula kwa masabata angapo. Gawo lina linasanduka dizilo, ndipo chidutswa china chinakaikidwa ku Museum of London m'chaka cha 2018, ulemu umene amisiri ambiri amafa asanaulandire.

Ukoma wachitatu ndi maphunziro. Inki ya osindikiza ndi utoto wosakanizidwa ndi utomoni ndi mafuta, ndipo mafutawo ndi amene amanyamula utoto kuchoka pamakina kupita papepala. Johannes Gutenberg ankagwiritsa ntchito inki ya mafuta m'zaka za m'ma 1450. Pambuyo pake mafuta okumba pansi analanda malowo, mpaka mitengo yake itakwera m'zaka za m'ma 1970 pamene eni nyuzipepala a ku America anayamba kufuna njira ina. M'chaka cha 1987 nyuzipepala ya The Gazette ya ku Iowa inasindikiza ndi inki ya soya. Khomo litatseguka, mafuta otha ntchito nawo analowa. Amasefedwa kuti nyenyeswa zichoke, amachotsedwa madzi ndi fungo, kenako amasinthidwa ndi mankhwala kuti akhale madzi osungunulira inki kapena utomoni wa penti. Kunanda komwe kumatukwanitsa otsuka mapoto n'kumene kumafunika kuti utoto umatirire. Akatswiri a ku University of Toronto anafika popanga utomoni wa makina osindikiza zinthu zogwirika, a 3D, kuchokera ku mafuta a m'lesitilanti ya McDonald's, ndipo anaumba nawo gulugufe.

Ukoma wachinayi ndi maulendo. Akasakanizidwa ndi methanol ndi soda wopangira sopo, mafutawa amagawikana pawiri: dizilo amayandama pamwamba, glycerine amakhala pansi. Mzinda wa Kyoto ku Japan unayamba kutolera mafuta okazingira m'makomo m'chaka cha 1997 kuti aziyendetsa magalimoto otola zinyalala, ndipo kenaka mabasi. Kampani ya Neste ya ku Finland imawayenga ku Rotterdam ndi ku Singapore. Mu Novembala 2023 ndege ya Virgin Atlantic inauluka kuchokera ku London kukafika ku New York ndi mafuta osakumbidwa pansi, ndipo ochuluka mwa iwo anachokera ku mafuta otayidwa.

Umboni wotsiriza wa ulemerero ndi nsanje. Ku America akuba amabwera usiku ndi mapampu kudzapopa migolo ya kuseri kwa malesitilanti, chinthu chimene sachitira makoko a mbatata. Ku Ulaya malamulo amapatsa dizilo wochokera ku zotayidwa mwayi woposa wochokera ku mbewu za m'munda, motero mtengo wa mafuta otha ntchito unakwera. Akuluakulu a European Union anafufuzapo madandaulo akuti amalonda ena amatenga mafuta atsopano a kanjedza n'kuwalemba kuti ndi otha ntchito. Zinthu zambiri zakale zimapakidwa utoto kuti zioneke zatsopano, koma pamsika uwu mafuta atsopano ndi amene amanamizira ukalamba.