Mapu a pa sofa

Ndiulule lero poti apongozi anabwerera kale kwawo ku Thyolo: banga loyera lili pa sofa yathu lija si la mwana. Mwana anangoyamba, womaliza ndine.

Linali Loweruka la mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Mayi akunyumba anapita ku Limbe kukachingamira apongozi, n'kundisiyira kamnyamata kathu ka zaka ziwiri ndi lamulo limodzi lokha: "Akamagona mumuveke thewera." Ine nditaona mmene kunatenthera ndinamva chisoni, ndipo ndinamugoneka pa sofa ali chibadwire. Sofa yake iti? Yomwe tinali titangomaliza kulipira mwezi wathawo kwa kalipentala wa ku Ndirande. Ndili mkati momvera mpira pa wailesi, ndinangomva kufunda pantchafu.

Munthu wamaganizo akanatenga thaulo louma n'kudinikiza pamalopo kuti mkodzo ukwere m'thaulomo. Ine ndinatola burashi yochapira nsapato n'kuyamba kukwecha ngati ndikutsuka mphika wopserera nyemba. Siponji ya khushoni imamwa madzi ngati nthaka ya chilimwe, choncho kukwecha kulikonse kumangokankhira mkodzo mkati. Kabanga kofanana ndi kambale ka ndiwo kanakula ngati lichero.

Nthawi ikutha. Ndinathirapo madzi owira, kenako n'kusita ndi simbi ya makala poti magetsi anali atazima. Sindinkadziwa kuti kutentha kumamatitsa banga ku nsalu. Nthunzi yomwe inakwera pamenepo, abale, pabalaza ponse pananunkha ngati kuseri kwa bala tsiku la malipiro.

Apa ndi pomwe ndinapalamula chitedze. Ndinakumbukira botolo la Jik la kubafa, n'kukhuthulirapo osasungunula ndi madzi. Mkodzo uli ndi urea, ndipo tizilombo tikaiswa pamatuluka amoniya, fungo loboola mphuno lija. Klorini wa mu Jik akakumana ndi zimenezi pamabadwa mpweya wowononga maso ndi mapapo. N'chifukwa chake mabotolo otere amalembedwa kuti musasakanize ndi zinthu zina. Ine malembawo ndinawawerenga pambuyo pake, ndili panja, mwana ali m'manja, misozi ili chuchuchu, ndikutsokomola ngati ndameza tsabola wa kambuzi. Nditabwerera m'nyumba mpweya utapita, ndinapeza nsalu yofiirira ya sofayo itayera mbee, ndipo bangalo linali litatalika ndendende ngati nyanja ya Malawi pa mapu a kusukulu. Ngakhale Likoma analipo.

Ndinayalapo chitenje, n'kupoperapo pafyumu wa mayi akunyumba theka la botolo.

Mwa mipando yonse ya m'nyumba muja, apongozi anasankha pomwepo. Anakhala, anakoka mpweya kawiri, ananyamuka n'kugwira kumbuyo kwa chilundu chawo. Kwathu mpongozi sakalipira mkamwini pamaso, choncho anatembenukira kwa mwana wawo: "Iwe, afunse bambowa ngati ayamba kuweta mbuzi m'nyumba." Ine maso pansi, n'kuloza mwana. Mwanayo anangoseka, poti milandu sakuidziwa.

Ntchito anaigwira okha apongoziwo. Anatulutsa khushoni panja, navula nsalu yake, n'kutsukuluza zonse ndi madzi ozizira kambirimbiri mpaka fungo la Jik litatheratu. Ndikuchenjezeni kuti viniga nayenso sagwirizana ndi Jik. Mawa lake ndi pomwe anasakaniza kapu imodzi ya viniga ndi kapu imodzi ya madzi, nanyowetsa siponji ija, n'kumaiponda ndi thaulo louma. Pamwamba anawazapo soda, yemweyu wophikira therere, n'kumusiya usiku wonse kuti akoke chinyezi ndi fungo. Kenako masiku awiri padzuwa. Asananyamuke anatiguliranso pulasitiki yoyala pansi pa nsalu ya pa matiresi a mwana, ndipo anati mwanayo asamamwe thobwa lambiri akamakagona.

Fungo linatha. Mapu aja okha ndi osachoka, chifukwa Jik sadetsa nsalu, amachita kudya utoto wake, ndipo utoto wodyedwa subwerera. Mpaka lero alendo akafunsa, mayi akunyumba amayankha monyadira kuti mwana wawo ali ndi mkodzo wamphamvu ngati wa agogo ake.

Mayi akunyumba, ngati mukuwerenga izi, botolo la Jik munkalifunafuna lija lili kuseri kwa thumba la makala, ndipo mulibe kanthu.