Ulemu kwa Kamagazini Kofa Kali Khanda

Pokamba za mabuku a Chingelezi a ku India, aliyense amathamangira kwa Salman Rushdie ndi mphoto yake ya Booker ya 1981, kapena kwa Arundhati Roy amene anaitenga mu 1997. Palibe wovulira chipewa kamagazini konyentchera kaja, kamene kamatuluka maulendo owerengeka kenako n'kutsamira mkono. Kumeneku n'kusayamika, chifukwa mwa onse ovina m'bwalo la zolembalemba, ndi kokhaka kamene kamadziwa kutuluka gule asanasukuluke. Ku Allahabad mu 1965, Arvind Krishna Mehrotra, mnyamata wosakwana zaka 20, ndi anzake Amit ndi Alok Rai, anayamba kupukusa makina a Gestetner, onga aja ankasindikizira mayeso m'masukulu, natulutsa magazini ya dzina lotukwana, damn you. Amene anawagwirapo makinawa akudziwa: inki imamata zala, sitensulo ikang'ambika chilembo chimasanduka dontho, ndipo ndakatulo imafika kwa wowerenga ngati yavumbwa ndi mvula. Pofika 1968 kanali katagona. Poetry India ya Nissim Ezekiel nayo sinapitirire zaka ziwiri. Zonsezi zinafa zisanaphunzire kubwereza zomwe zinanena kale, mwayi umene alembi ambiri otchuka sanaupeze.

Ena ati magazini yosalipira mlembi ndi yodyera anthu masuku pamutu. Koma adyere ndani, poti mkonzi yemwenso wagona ndi njala? Umphawi umenewu ndiye linga lake. Quest, imene inayamba ku Bombay mu 1955 mkonzi wake woyamba ali Ezekiel yemweyo, inali ndi mapepala abwino ndi thandizo la Congress for Cultural Freedom, mpaka zinaululika cha m'ma 1967 kuti bungwelo linkayamwa ku CIA. Kamagazini kopukusidwa m'chipinda cha kuseri sikangagwe m'manyazi otere. Kazitape wanzeru zake sangawononge ndalama kugula chinthu chowerengedwa ndi anthu okwana pa mphasa imodzi. Ndipo amene akuyesa kuti kunenepa kumatalikitsa moyo akafunse The Illustrated Weekly of India, imene inadya zaka zoposa 100 n'kufa ndithu mu 1993, maliro ake okha ndiwo anali aakulu.

Chitonzo chachikulu n'chakuti palibe amene amakawerenga kupatula olembamo. Nanga pali mudzi wina wachilungamo kuposa umenewu, momwe aliyense wodya nsima anagwirako khasu? Chingelezi ku India chimakhala pakati pa Chihindi, Chibengali, Chimarathi, Chitamil ndi zinenero zina zokhala ndi alakatuli awoawo, ndipo ofuna ndakatulo za m'Chingelezi ngochepa kuyambira kale. Magazini yaikulu imabisa zimenezi ndi zithunzi za akatswiri a mafilimu, pamene kamagazini sikanama: kamasindikiza molingana ndi anthu alipo, ndipo ngakhale apo makope ena amatsala pansi pa bedi. Komabe kuwerengana kwa anthu ochepaku sikupita pachabe. Mu 1976 Mehrotra, Adil Jussawalla, Gieve Patel ndi Arun Kolatkar, anthu oleredwa ndi timagazini totere, anasonkherana ku Bombay nayambitsa Clearing House kuti azisindikizana okha, ndipo Jejuri ya Kolatkar inalandira Commonwealth Poetry Prize chaka chotsatira. Otsutsa adzati mphotoyo ikuphwanya mfundo yonse, poti ulemerero unabwera ndithu. Ayi, unabwera mochedwa, monga mwa mwambo wake, timagazini tija titaikidwa kale m'manda. Lero mapepala a alakatuli a ku Bombay akusungidwa ku yunivesite ya Cornell ku America, komwe akatswiri amawatembenuza ndi nsonga za zala, kuopa kung'amba zimene eni ake ankavutika kugulitsa.