Momwe Mungamwetsere Anthu Mikodzo Yawo, Iwo N'kumakuomberani M'manja

Akuluakulu, tinene kuti akupatsani kadziko kuti mukalamulire. N'kachilumba kotentha, ka masikweya kilomita 730 okha, koti kakhoza kulowa m'nyanja ya Malawi maulendo 40. Anthu alimo pafupifupi 6 miliyoni, amagona mosanjikizana m'nyumba zazitali. Mvula imagwa yambiri ndithu, koma poisunga palibe, mtsinje waukulu mulibenso. Musataye mtima. Singapore ali chomwecho ndipo mipopi yake siuma.

Yambani mwapeza mnansi amene ali ndi mtsinje, mumusayinitse pepala. Mu 1962 Singapore adagwirizana ndi boma la Johor, ku Malaysia wa lero, kuti azitunga magaloni okwana 250 miliyoni patsiku mu mtsinje wa Johor, pamtengo wa masenti 3 pa magaloni 1,000, mpaka chaka cha 2061. Zaka 99 zathunthu! Mwayi wounikanso mtengo udalipo patatha zaka 25, koma 1987 idadutsa masenti ali atatu omwewo. Madziwo mukawasefa, ena mum'gulitse mwini mtsinje pa masenti 50. Akayamba kung'ung'udza, monga adachitira nduna yaikulu ya Malaysia Mahathir Mohamad atabwerera pampando mu 2018, inu musakweze mawu. Muuzeni kuti kusefako kumakudyerani ndalama zoposa masenti 50 akewo, kenako muonetseni pomwe adasayina akuluakulu akwawo. Ndipo ukwati ukatha, monga udathera wa Singapore ndi Malaysia, omwe adali dziko limodzi, mu 1965, mbale ndi mipando musiye, koma za madzi muzilembetse m'chikalata chosudzulirana ndipo mukachisungitse ku United Nations.

Mukatero musagone, pakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mu 1942 asilikali a Japan atalanda madamu a pachilumbapo, Angelezi omwe ankachilamulira sadachedwe kukweza manja. Chilala cha 1963 chidachititsa kuti madzi azituluka mogawira kwa miyezi 10. Ngakhale damu la Linggiu, limene Singapore adamanga ndi ndalama zake ku Johor, lidaphwa mu 2016 mpaka kutsala ndi madzi 20 pa 100 alionse. Pepala lilipo, inde, koma pepala samwera tiyi.

Choncho dontho lililonse la mvula mulimange ngati wakuba. Apa konzekani kudedwa. Mu 1977 nduna yaikulu Lee Kuan Yew adalamula kuti mtsinje wa Singapore, womwe unkanunkha ngati wafa, uyeretsedwe m'zaka 10. Ogulitsa zakudya m'misewu adawasamutsira m'misika yomangidwa, makola a nkhumba ndi abakha adachotsedwa, ndipo patapita nthawi ulimi wa nkhumba udatheratu pachilumbapo. Wokonda nyama ya nkhumba aziitanitsa kunja. Mu 2008 adatseka khomo lomwe madzi a mumzinda ankathawira kunyanja ndi chipupa cha Marina Barrage, pakati pa tauni pakabadwa damu. Lero madamu alipo 17, ndipo magawo awiri mwa atatu a dzikolo ndi malo okololera mvula. Wotaya chinyalala mu ngalande mumulipitse chindapusa osam'mvera chisoni, chifukwa akutayira mu ndowa ya mtundu wonse.

Tsopano tifike pa nkhani imene alendo amayamba kuseka, kenako n'kukhala chete. Zonse zochokera m'zimbudzi, m'mabafa ndi m'makhitchini muzisonkhanitse m'ngalande zakuya pansi pa nthaka. Zikayeretsedwa koyamba, muzidutsitse m'sefa wamabowo osaoneka ndi maso, kenako muzikanikize mwamphamvu pa kachikopa kamene ngakhale mavairasi ndi mchere sizidutsa, pomaliza muziwalitsire kuwala kopha tizilombo. Otulukawo ndi madzi oyera mbee.

Chovuta si makina, ndi m'mero mwa munthu. Ndiye dzina musankhe bwino. Musati "madzi a m'chimbudzi", nenani kuti NEWater. Musalengeze pamsonkhano wa atolankhani, pomwe wina angafunse funso lopusa. Dikirani tsiku lokondwerera ufulu. Mu 2002 mabotolo 60,000 adagawidwa pabwalo la zikondwerero, nduna yaikulu Goh Chok Tong n'kukweza lake, kumwa anthu onse akuona. Ndani angalavule pamene mbendera ili m'mwamba ndipo wakamera wam'loza? Chinsinsi china n'chakuti ambiri mwa madziwa muwapereke kwa mafakitale opanga tizipangizo ta m'makompyuta, omwe amafuna madzi oyeretsetsa kuposa apampopi. Otsalawo, nthawi yachilimwe, muwathire m'madamu asakanikirane ndi amvula, kuti womwa azidzitonthoza kuti mwina kapu yakeyo idachokera kumitambo. Amene akukanabe, afululireni mowa. Ulipo ndithu, dzina lake NEWBrew, ndipo sindinamvepo womwa mowa akufunsa komwe adatunga madzi ofululira.

Nyanja yamchere yakuzungulirani, imweninso. Fakitale yoyamba yochotsa mchere m'madzi idatsegulidwa ku Tuas mu 2005. Imadya magetsi koopsa, koma chilala sichiidziwa.

Zonsezi zimafuna ndalama, ndipo ndalamazo zili m'matumba mwa anthu anu omwewo. Bungwe la madzi la PUB limalipitsa madzi, limalipitsa msonkho wokumbutsa anthu kusamala madzi, n'kulipitsanso potenga madzi omwe mwagwiritsa kale ntchito, amene lidzakugulitseninso. Mu 2017 boma lidalengeza kuti mtengo ukwera ndi 30 pa 100. Anthu adadandaula, ena adasonkhana ndi zikwangwani pabwalo la Hong Lim, komwe amaloledwa kuchitira zionetsero, mtengo n'kukwera basi. Musanayesere zimenezi, akuluakulu, yang'anani kaye kalendala ya zisankho kwanuko. Amene adakweza mtengowo ndi a chipani chomwe chakhala chikupambana kuyambira 1959.