Gitala Yolira M'malo mwa Abambo

Mwamuna wa pa Chongwe salira. Pamaliro amakhala panja ndi anzake kuwotha moto, nkhani ili ya feteleza ndi mpira, kulira atasiyira azimayi m'nyumba. Ng'ombe ikafa amangoti zimachitika. Madzi akasowa m'tauni nthawi ya chilimwe, mtsinje wa Chongwe utaphwa, amang'ung'udza pang'ono n'kutuma mwana ndi chigubu. Koma tapitani Lamlungu masana kuseri kwa msika, pamalo ena omwera pomwe malole a mu Great East Road amamveka chapatali, mudikire nyimbo ya country ifike pakati pomwe woimba amapumira, gitala ija n'kuyamba kudandaula. Mudzaona madoda a imvi zawo akuyang'ana kudenga, akuphethira pafupipafupi, wina n'kumati utsi wa michopo wamulowa m'maso. Wowotcha michopoyo ali tsidya lina la msewu, ndipo mphepo ikulowera kwina.

Kumvera gitala imeneyi kuli ndi malamulo ake, osalembedwa koma okhwima kuposa a khonsolo. Botolo la Mosi limatsitsidwa pansi. Maso amatsinzina, ngakhale ochenjera amasiya limodzi lotsegula pang'ono ngati mnzawo waludzu wakhala pafupi ndi botololo. Mutu umapendekeka. Chala chimodzi chimakwera m'mwamba pang'onopang'ono kulondola mawu a gitalayo, ndipo akafika pamwamba pomwe amanjenjemera, munthu ayenera kunena kuti, "Mmm! Apo!" Wonena msanga ndi mlendo. Wonena mochedwa waledzera. Woyankha foni nthawi imeneyi amaponyeredwa diso lomuuza kuti pamaliro ake anthu adzabwerera nsima yokha.

Mkulu wa mpingo umenewu ndi a Hedi, amene anasulidwa ku Chalimbana kalekale isanakhale yunivesite, ndipo anapuma ntchito osapumitsa chizolowezi. Iwo nyimbo samangoimvera, amaichonga. Tsiku lina sipika inali kuimba "Heart of Gold", ndipo gitala itangolowa anakweza dzanja ngati aletsa phokoso m'kalasi.

"Mwamva, anyamata? Jim Reeves ameneyo. Ana a masiku ano sangazimvetse."

Anyamata akunenedwawo wamng'ono kwambiri ali ndi zidzukulu zitatu, koma onse anagwedeza mutu. Palibe anafuna kuwauza a Hedi kuti Jim Reeves anafa pangozi ya ndege mu 1964, pomwe nyimboyi ndi ya 1972, ya Neil Young, mwamuna wa ku Canada wa tsitsi losapesa amene kwawo amamuwerengera kwa oimba rock, ndipo woliza gitalayo anali Ben Keith. Chinanso, nyimbo zambiri zotchuka za Reeves zinajambulidwa nthawi imene akuluakulu a nyimbo ku Nashville ankaichotsa dala gitala yolirayi, poti inkanunkha kumudzi, n'kuikamo mavayolini ndi makwaya kuti anthu a m'tauni agule. Koma pa Chongwe nkhaniyi inagamulidwa kale: mzungu aliyense woimba modekha ndi Jim Reeves, akakhala wa mawu okhuthala ndi Don Williams, ndipo wamkazi aliyense ndi Dolly Parton, olo atakana yekha.

Dzina la Don Williams likangotchulidwa, a Dalaivala, amene anayendetsa malole mpaka msana unakana, amadzuka. Woimbayo anabweradi ku Harare mu 1997, ndipo iwo amati analiko, kutsogolo kwenikweni, moti chipewa chake chija akanafuna akanachigwira. Vuto ndi loti a Sekeletale a komiti ya msika nawonso analiko, wogulitsa makala analiko, ngakhale wometa, amene chaka chimenecho anali asanamere ndevu, amati amakumbukira bwino. Mukawerenga amuna a pa Chongwe amene anapita ku Harare mu 1997, mudabwa kuti chimanga chaka chimenecho analima ndani. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa mboni zonsezi amene angatchule Lloyd Green, amene analiza gitala m'nyimbo zambiri za Williams zomwe zimawagwetsa misozi. Woliritsa anthu sadziwika, ulemu umapita kwa wachipewa.

Mkangano unabuka pomwe wometa anafunsa mosalakwa kuti kodi gitala imalira bwanji chonchi. A Dalaivala anati ndi gitala wamba, kungoti woimbayo mkazi anamuthawa, ndiye zala zimanjenjemera zokha. A Sekeletale anati ayi, ndi sowo yochekera matabwa, anaiona ndi maso awo, koma sakukumbukira kuti. Wamakala anatsitsa mawu n'kunena kuti tisamanamizane, azungu nawonso ali ndi zitsamba zawo. A Hedi anadikira onse amalize, kenaka anafotokoza kwa mphindi zambiri za mpweya, mafunde a mawu ndi chinyontho cha ku America, mpaka funso lenilenilo linaiwalika.

Apa ndi pomwe mphwake wa mwini malowo, mnyamata wa ku koleji amene ankatolera mabotolo, analakwira akulu. Anapukuta manja, natulutsa foni.

"Pepani a Hedi, mwina tingoona."

Mitu isanu ndi umodzi inaunjikana pa kagalasi kong'aluka. Chimene anaona chinawakhumudwitsa onse. Panalibe mwamuna woimirira, gitala pachifuwa, mphepo ikuwomba malaya. Panali bambo wina wa magalasi atakhala pampando, kutsogolo kwake kathebulo ka miyendo inayi, pamwamba pake nsambo khumi zitagona chagada. Dzanja lamanzere linkatsetsereza kachitsulo kosalala pansambozo, lamanja linkakodola ndi tizikhadabo tovala kuzala. Pansi phazi lamanzere linkaponda zopondera, lamanja likukweza ndi kutsitsa mawu, ndipo mawondo ankakankha timipini tolendewera kunsi kwa thebulo. Chopondera chilichonse chimakoka kapena kumasula nsambo zina pomwe zinzake zili chilili, n'chifukwa chake mawu amodzi amakwera ena ataima, kulira kuja n'kubadwa. Nkhope ya bamboyo inalibe chisoni ngakhale pang'ono. Ankaoneka ngati akuwerengera msonkho.

Kunali zii. Kenaka a Telala, amene zaka zonsezi amakhala pakona osafunsidwa maganizo, anaimirira n'kukonza kolala.

"Abale anga, amenewa ndi makina osokera. Taonani phazi. Taonani bondo. Munthu uyu ndi mnzanga wa ntchito."

Palibe anatsutsa, poti aliyense ankaona yekha. A Hedi anatsokomola n'kunena kuti iwo zimenezi ankazidziwa kale, amangofuna aone ngati ana a masiku ano amafufuza. Mnyamata uja, posadziwa kuti mkulu akagwa umayang'ana kumbali, anapitiriza. Anati dzina lake ndi pedal steel, ndipo kholo lake ndi gitala ya ku Hawaii, komwe Joseph Kekuku anayamba kutsetsereza chitsulo pansambo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Anati kuponda chopondera mawu ali mkati molira kunatchuka ndi Bud Isaacs m'nyimbo ya Webb Pierce yotchedwa "Slowly", imene inagwedeza America mu 1954. Anati a rock anaibwereka, moti Jerry Garcia anailiza mu "Teach Your Children" ya 1970, ndipo ngakhale ku Nigeria, King Sunny Adé anali ndi Demola Adepoju woiliza m'gulu lake la juju.

"Iwe mwana," anatero a Hedi, "tinakufunsa?"

Kunena zoona anali atafunsa, koma mwanayo anabwerera ku mabotolo ake.

Amene anapulumutsa ulemu wa akulu ndi agogo ena ochokera cha ku Chipata, omwe ambiri ankayesa kuti akugona. Anati zonsezi si zachilendo. Kale kumawa kwawo kunali gitala ya hauyani, ndipo ku Malawi a Ndiche Mwarare anatchuka nayo. Oimba ake sankafuna mawondo kapena thebulo, botolo lokha linkakwanira. Mawu amenewa anakoma m'makutu mwa onse, chifukwa palibe chimasangalatsa munthu wa pa Chongwe kuposa kumva kuti chimene mzungu amachita ndi makina ife tinkachita ndi botolo. Nthawi yomweyo anatuma mwana kukabwereka gitala ya kwaya, ya nsambo zinayi, yachisanu ili waya wa buleki ya njinga. A Dalaivala anaigoneka pamiyendo, natola botolo lapafupi, nalitsetsereza ndi mtima wonse. Agalu a kumsika anayankha onse pamodzi. A Sekeletale okha ndi amene anakuwa "Apo!", koma chifukwa botololo linali lawo ndipo munali mowa.

Chiyambire tsikulo mipando inasintha. A Telala amakhala pakati, ndipo gitala ikalowa onse amayamba ayang'ana phazi lawo asanakweze chala. Kuntchito nako asintha. Amasoka wailesi ili pambali, maso ali chotsinzina, bondo likukankha mpweya, ndipo mtengo wopinda buluku wakwera poti ntchitoyi tsopano ndi ya luso. Sabata yatha a Hedi anakatenga buluku lawo la ku tchalitchi n'kupeza mwendo wina wafupika ndi zala zitatu. Anauyala pathebulo n'kufunsa kuti chachitika n'chiyani. A Telala anauyang'anitsitsa, nayendetsa chala pamsoko mpaka pomwe unakhotera.

"Apa, a Hedi, ndi pomwe inalowa gitala."