Mwana wa Kunyanja ndi Thanki ya Petulo

Ndinabadwira ku Nkhotakota, kamtunda koyenda wapansi kuchokera kunyanja, ndipo zimenezi ndakhala ndikuzitulutsa ngati satifiketi kuno ku South Bend, ku Indiana, kumene Amalawi tilipo ambiri koma sindinapeze wonditsutsa pa za maboti. Chimene sindinkaulula n'chakuti pagombe ine ndinali wogula usipa basi. Injini ya boti ndinali ndisanayigwirepo. Komabe nditaona pa Facebook Marketplace kuti mdala wina wa ku Michigan akugulitsa bass boat ya m'ma 1990, ya injini ya two-stroke ya 150 hp, ndinauza mayi a kunyumba kuti asadandaule, zimenezi zili m'magazi.

Bass boat analipangira ntchito imodzi, kuwedza nsomba ya bass, imene Amereka amachitira mipikisano ya ndalama zankhaninkhani. Pamwamba ndi lathyathyathya kuti munthu aziponya mbedza ataimirira, kutsogolo kuli kainjini ka batire koyendera mwakachetechete, mkati muli kadziwe kosungiramo nsomba zamoyo, ndipo zina zonse anazibisa pansi pa kapeti. Mdala uja anatsegula chitseko chakumbuyo n'kuyamba kufotokoza, akuloza uku, akuloza uko, ine n'kumangoti "yeah, yeah, sure", poopa kuti ndikafunsa adziwa kuti mwana wa kunyanja ndi wa dzina lokha. Ananena kuti botilo lakhalitsa m'shedi osayenda, anatchulanso china chake cha vent. Ndinagwedeza mutu mwaukatswiri.

Zimene ndinkadziwa ine ndi za asodzi a kwathu: kathanki kofiira, payipi imodzi, kukoka chingwe, ulendo. Apa thanki sinkaoneka n'komwe, ili pansi penipeni, ndipo kumbuyo kwa boti kunali zitsekerero ziwiri. Pa filling station ndinatsegula chimene chinali pafupi, n'kulowetsa pampu, n'kufinya ndikuyang'ana kumwamba monga munthu wozolowera, ndipo pasanathe nthawi petulo anasefukira pa nsapato zanga, chifukwa ndinkathira m'kathanki ka oyilo. Chitsekererocho chinali ndi zilembo zitatu, OIL, zimene mwana wa sitandade 2 akanawerenga. Kunyumba ndinati nditulutse petuloyo poyamwa ndi payipi, monga ndinkaonera madalaivala a minibasi, ndipo mpaka madzulo nsima inkangomveka garaja.

Kenako ndinakumbukira kuti asodzi amasakaniza oyilo ndi petulo. Ndinapeza muyezo wake, 50:1, kutanthauza mamililita 20 a oyilo pa lita imodzi, ndinawerengera pa foni, n'kuthira mu thanki yaikulu ndikudzitamandira mumtima. Sindinadzifunse n'komwe kuti nanga kathanki ka oyilo kamene ndinali nditangokatsuka kaja ntchito yake n'chiyani. Injini imeneyi ili ndi pampu yakeyake yosakaniza oyilo, choncho ndinayipatsa kawiri. Loweruka m'mawa ku Lake Wawasee, pamalo otsitsira maboti, anthu ali pamzere ndi magalimoto awo, ndinatembenuza kiyi, injini inatsokomola, inalira, n'kutulutsa chiutsi chabuluu chimene chinakuta doko, maboti a eni, galu wa munthu wina ndi ine ndemwe, ndili chiimire pakati pake ndikumwetulira ndi kukweza chala chachikulu ngati zonse ndinazikonza dala. Mapulagi anada bii.

Nditasintha mapulagi, vuto lenileni linaonekera. Boti linkanyamuka bwino, mutu m'mwamba, mphepo m'makutu, kenako patapita mphindi zingapo injini inkafooka, n'kuzima. Ndikadikira kanthawi inkaliranso, kenako chimodzimodzi.

Apa ndinalembetsa sukulu ya YouTube, ya usiku. Ndinaphunzira kuti petulo wamba wa kuno, E10, ali ndi ethanol wofika 10 peresenti, kuti ethanol amakoka madzi a mumpweya, ndipo petulo akakhalitsa madzi ndi ethanol uja zimalekana naye n'kukakhala pansi pa thanki, pamene payipi imayamwira. (Kwathunso petulo amamusakaniza ndi ethanol wa nzimbe kuyambira 1982, koma ndani amaimika galimoto yodzaza mafuta miyezi yambirimbiri?) Ndinatunga pang'ono m'botolo la galasi n'kuliika pa windo. Pamwamba panali petulo wachikasu, pansi kamzere ka madzi otuwa kochepa kuposa chikhadabo, tizinyalala takuda tikuyandama pakati. Ndinasangalala ngati ndapeza golide. Ndinatulutsa mafuta onse, ndinagula fyuluta yolekanitsa madzi, ndinagula mapayipi atsopano, ndinagula kampira kopopera kaja amati primer bulb, ndinalumikiza zonse, ndinapopa, ndinapopa, dzanja lamanja litatopa ndinapopa ndi lamanzere, kampira osalimba, thukuta kamukamu, mpaka mayi a kunyumba, amene anangobwera kudzafunsa ngati ndidye kapena asunge, anasuzumira n'kunena kuti, "Bambo a Chikondi, kamuvi aka kakuyenera kuloza kuti?" Kankaloza ku thanki. Ndinali ndikupopera mpweya wa mu injini kubwerera m'mbuyo. Ndinayankha kuti ndimayesa kaye dala, ndipo iwo anati "Oho" mwaulemu woopsa.

Pofuna kubwezeretsa ulemu ndinaitana alamu anga kuti tikayese limodzi. Ndinadzaza thanki mpaka pakamwa kuti pasakhale chonamizira. Nthawi imeneyi injini inazima msanga kuposa kale lonse, pakati penipeni pa nyanja, kampira katafwaphiratu ngati chubu chophulika, geji ikuloza F. Ndinatsitsa kainjini ka batire, tinakwawa nako mpaka batire linatha, poti sindinalitchaje, kenako ndinatulutsa nkhafi imodzi imene inali m'botimo n'kuyamba kupalasa chiboti chimene sanachipangire kupalasa, chikungozungulira pamodzimodzi, alamu atakhala pampando wapamwamba atavala life jacket yothina, akujambula. Anatikoka ndi anyamata awiri a msinkhu wa sekondale. Atandifunsa ngati ndine watsopano pa za maboti, ndinamva pakamwa panga pakunena kuti ndinakulira m'mbali mwa nyanja yotalika makilomita oposa 500. Alamu anatembenukira kumbali, mapewa akugwedezeka.

Ndinagulanso pampu ya petulo ndi zida zokonzera makabyuleta, ndinamasula, ndinabwezera, panatsala kasipuling'i kamodzi patebulo. Apa mpamene ndinakokera boti kwa makaniko.

Mayi wokonza injiniyo anamvetsera nkhani yanga yonse osaseka, chinthu chimene ndikumuthokozabe. Anandifunsa ngati injini ikazima ndinayesapo kutsegula chitsekerero cha petulo n'kumvetsera ngati chikuti fyuu. Sindinayesepo. Anazungulira kumbali kwa boti, pamene pali kachitsulo kakang'ono kozungulira kamene ine ndinkayesa chokongoletsera, anakamasula, n'kundionetsa m'kati. Munali dothi louma, lofiirira, lomatidwa mosalala, ndipo atalibaya ndi kawaya linasweka n'kugwa pamodzi ndi tiakangaude touma. Mavu omanga zisa zadothi anali atamangamo nyumba boti lili m'shedi. Imeneyo ndiyo vent. Petulo akamatuluka mu thanki, mpweya uyenera kulowa m'malo mwake, ndipo injini ya 150 hp ikathamanga mapeto imamwa magaloni pafupifupi 15 pa ola. Mpweya ukalephera kulowa, pampu imakoka mpaka kugonja, kampira n'kufwapha. Thanki ikadzaza kwambiri mpweya wam'kati umachepa, ndiye zimachitika msanga. Ndiye kuti kudzaza mpaka pakamwa kuja ndinkadzitchera ndekha.

Ntchito imeneyo sanandilipiritse. Anandilipiritsa maola amene anatha pobwezera kasipuling'i kaja ndi kukonza zina zimene ndinakonza ine. M'garaja muli zigubu za petulo woipa zimene sizitayidwa paliponse, zikudikira tsiku limene boma limalandira zinyalala zoopsa, ndipo galimoto ya mayi a kunyumba ikugona panja. Vidiyo ya alamu ija inafika kale pa gulu la WhatsApp la kumpingo, ndipo abusa apempha kuti tsiku la pikiniki ndidzangobweretsa zakumwa.