Fodya wapachala wakwera mtengo

Mu Julaye 2025, mlendo wina m'nyumba yoonetsera zaluso ya Centre Pompidou ku Metz, m'dziko la France, adamatula nthochi pakhoma, n'kuisenda, n'kuidya. Makolo athu akadamuombera m'manja, paja fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Koma nthochi isanafike n'komwe m'mimba, ogwira ntchito adabwera ndi ina n'kuimata pomwepo. Palibe chidatayika. Mwambi ndiwo udabwerako wamanyazi.

Nthochiyi ili ndi dzina, Comedian, ndipo mwini nzeruzo ndi Maurizio Cattelan wa ku Italy. Zipangizo zake ndi ziwiri basi: nthochi imodzi ndi kachidutswa ka tepi yotuwa. Idaonekera koyamba ku Miami mu Disembala 2019 pa mtengo wa madola 120,000, ndipo chionetsero chisanathe waluso mnzake, David Datuna, adaitafuna anthu akuona. Mu 2023 wophunzira wina ku Seoul adaidyanso, ati sadadye kadzutsa, n'kubwezera khoko lake pakhoma. Ulemu adali nawo ndithu mnyamatayo.

Onsewa adaika fodya pamphuno, koma palibe adapita kwawo ndi Comedian. Wogula sagula chipatso. Amapatsidwa satifiketi ndi malangizo: nthochi imatidwe masentimita 160 kuchokera pansi, ikayamba kuda isinthidwe. Chuma chili papepalapo. Mphepo ija makolo ankaiopa kuti iulutsa fodya, lero ndiyo ikugulitsidwa.

Sizidayambe ndi nthochi. Michelangelo adatha zaka zinayi khosi lili chagada, akujambula denga la Sistine Chapel. Pofika 1915, Kazimir Malevich wa ku Russia adapaka bokosi lakuda bii pansalu yoyera, n'kusiyira pomwepo. Mu 1972 nyumba ya Tate ku London idagula njerwa 120 zomwe Carl Andre adangozindandalika pansi, zopanda simenti, zopanda matope, ndipo manyuzipepala atazitulukira mu 1976 adalalata zedi. Mbadwo uliwonse unkachotsako kenakake: nkhope, mitundu, kenako burashi imene. Kuchotsa si ulesi nthawi zonse ayi. Aliyense amene adaphikapo ndiwo za mchere ndi tomato yekha amadziwa kuti pamenepo mphika subisa wophika. Njerwa za Andre zimakakamiza maso kuona kulemera ndi malo, zinthu zomwe chithunzi chodzaza maluwa chimaphimba.

Koma za nthochizi zafika pena. Mu Novembala 2024 kampani ya Sotheby's ku New York idagulitsa Comedian pa madola 6.2 miliyoni kwa Justin Sun, mpondamatiki wa ndalama za pa intaneti, zomwe nazonso sizigwirika ndi dzanja. Mphepo idagula mphepo inzake. Patapita masiku ochepa, Sun adaitana atolankhani ku Hong Kong n'kudya nthochi pamaso pawo, satifiketi ali nayo chikhalire. Nthochi yomwe idamatidwa pakhoma pa tsiku la malondalo idagulidwa masenti 35 kwa bambo wachikulire wogulitsa zipatso m'mbali mwa msewu, pafupi ndi Sotheby's pomwepo. Yekhayo ndiye adatsatira mwambi mokhulupirika: adalandira zake m'manja, n'kuika m'thumba. Apa kuseka kumavuta pang'ono.

Za ku Metz zija zitamupeza Cattelan, sadakwiye kuti nthochi yadyedwa. Chidamukhumudwitsa n'chakuti mlendoyo adasiya khoko ndi tepi.