Oyilo Wanga Wasanduka Chiponde

Muphwa wanga amene akuphunzira za umakaniko ku Blantyre anandiuza kuti ku America akafuna kuyesa oyilo, ankamuthira mu injini n'kuiyendetsa maola 100, oyiloyo akutentha madigiri 150. Mayesowo amawatcha Sequence IIIG. Pomaliza ankamuziziritsa kufika madigiri 40 kuti aone mmene walimbira.

Ndinaseka mpaka kutsamwa malovu. Madigiri 40 n'kumati kuziziritsa? Kuno ku Ngabu, mwezi wa Okutobala, amenewo ndi a pamthunzi wa mtengo wa mango, pamene timagonekapo odwala.

Basi ndinadziona kuti nane ndine katswiri, popeza mayesowo ndakhala ndikuchita ulele pa njinga yanga yamoto ya kabaza. Ngabu, Nchalo, Bangula, tsiku ndi tsiku. Kumbuyo mayi, mwana, thumba la thonje, mbuzi ikulira pathanki. Chikweza cha Thabwa ndinakwera ndi giya wani yekhayekha, injini ikununkha ngati mapira opserera. Oyilo ndinasintha komaliza madzi a namondwe wa Freddy asanasefukire, mu 2023. Chiyambire apo n'kumangowonjezera, kuyeza kwake kwa chala, ngati mayi woyesa phala la mwana. Akamata, ndimati ali ndi mphamvu.

Lachiwiri njinga inatsokomola kawiri pafupi ndi minda ya nzimbe n'kungoti zii.

Makaniko anamasula bawuti ya pansi, natchera beseni. Tinadikira. Anapita kukamwa thobwa, n'kubwerako. Ndiye kadontho kakuda kanasuzumira, kakuganiza kaye ngati katsike.

"Achimwene, mwabweretsa buledi?" anatero. "Ichitu ndi chiponde."

Anandiphunzitsa pagulu, ana asukulu akumvetsera. Oyilo akatentha nthawi yaitali amapsa ndi mpweya, gawo lake lamadzimadzi limauluka, chotsala chimasakanikirana ndi mwaye ndi fumbi mpaka kulephera kudutsa m'tinjira topita ku pisitoni. Zitsulo zimayamba kudyana zokhazokha. Ine ndinkangogwedeza mutu ngati ndinkadziwa kale, ndimangomuyesa.

Atatchula mtengo wa pisitoni ndi maring'i, ndinamufunsa ngati amalandira mbuzi.

Kunyumba ndinafika madzulo ndikukankha njinga. Ndinawafotokozera amayi a kunyumba kuti zotsatira za kafukufuku wanga zatuluka, ndipo aku America ndawaposa ndi maola ambirimbiri.

"Chabwino, a pulofesa," anatero akundipatsa ndowa. "Mjigo uli pompo paja. Muyende msanga, ndowa sifuna oyilo."